Msewu ukapatutsidwa, kantina idzatsala ndi yani?

Abale athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Zóbuè ndi konse kumene munda umathera m'malire, masiku ano nyengo yokolola ikafika pamabweranso pempho limene makolo akale sankalidziwa. Mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza kalasi ya 10 kapena ya 12 ku Vila, ntchito n'kumusowa, amakhala pansi pakhonde nati: "Bambo, pa ndalama ya mbatatesi mundipatuleko ya foni yaikulu, mwinanso ya kompyuta. Ndikufuna kuyamba malonda a pa intaneti." Mukamufunsa kuti malondawo adzayenda bwanji, amakuyankhani ndi malonjezo atatu amene wawamva m'makanema a pa foni. Akuti munthu wochenjera sagwira ntchito tsiku lonse, maola owerengeka akwanira. Akuti ogula safunika kuwasaka, Google imawabweretsa yokha kwaulere. Ndipo akuti ntchito yotopetsa umangoipereka kwa aganyu pa mtengo wochepa, iwe n'kumawerenga phindu uli pamthunzi.

Ine sindikuti makolo akane. Foni yathandiza kale alimi ambiri a kuno kudziwa mtengo wa ku Tete asanakweze matumba pa lole. Koma ndalama imene yatuluka m'thukuta la chaka chathunthu isaperekedwe pa malonjezo amene sitinawayese, makamaka popeza anayesedwa kale ndi anthu a chuma choposa chathu, ndipo zimene zinawachitikira ndi zodziwika.

Tiyambe ndi Google, pakuti ambiri timangoimva dzina. Ndi kampani ya ku America imene inayamba mu 1998, ndipo ntchito yake ndi kulozera anthu njira. Munthu akalemba funso pa foni, tinene kuti akufuna mankhwala a chiwawu cha mbatatesi, Google imamuonetsa mndandanda wa masamba a pa intaneti amene ali ndi yankho. Anthu ambiri amatsegula masamba amene ali pamwamba, ndipo ndi ochepa amene amatsikira m'munsi. Tsono amene tsamba lake lili pamwamba ali ngati mwini kantina ya pa mphambano ya Mussacama, pamene magalimoto ochokera ku Tete amapatukira ku Ulónguè ndipo ena amapitirira ku Zóbuè. Amene tsamba lake lili pansi ali ngati munthu amene wayala malonda kuseri kwa phiri. Mwini tsamba amapeza ndalama pogulitsa katundu wake kwa odutsawo, kapena polola kuti zotsatsa malonda a anthu ena ziikidwe patsamba lake, iye n'kumalandira kangachepe munthu akaziona kapena akazidina.

Kufanana kumathera pomwepo. Mphambano ya Mussacama siisamuka usiku umodzi. Boma likafuna kupatutsa msewu timaona akatswiri akuyeza, mafumu amaitanidwa, ndipo amene nyumba yake yakhudzidwa amakhala ndi poyambira kudandaula. Msewu wa Google ndi wa kampani. Eni ake amaupatutsa tsiku limene afuna, popanda msonkhano ndiponso popanda chipukuta misozi.

Mu 2006, ku Santa Monica m'chigawo cha California, Richard Rosenblatt ndi Shawn Colo anayambitsa kampani yotchedwa Demand Media. Nzeru yawo inali yakuthwa ndithu, tisawanyoze. Makompyuta awo ankafufuza zimene anthu amafunsa kawirikawiri pa intaneti, n'kuwerengera kuti funso lililonse lingabweretse ndalama zingati kuchokera kwa otsatsa malonda. Mitu imene inkaoneka kuti ili ndi phindu ankaipereka kwa olemba aganyu, anthu zikwizikwi okhala m'nyumba zawo, osalembedwa ntchito yokhazikika. Nkhani imodzi ankalipira madola pafupifupi 15, ndipo kanema wamfupi madola 20. Magazini ya Wired inalemba mu 2009 kuti kampaniyi inkatulutsa nkhani ndi makanema pafupifupi 4,000 tsiku lililonse. Zambiri mwa izo zinkaikidwa patsamba lotchedwa eHow, limene linkaphunzitsa anthu kachitidwe ka ichi ndi icho, kuyambira za m'khitchini mpaka kukonza galimoto.

Taonani, abale, kuti malonjezo atatu aja onse anakwaniritsidwa pamenepa. Ntchito inkatuluka yambiri koposa nyuzipepala iliyonse. Odutsa ankabwera okha kuchokera ku Google. Ndipo olemba anali aganyu otsika mtengo. Chimene chinasowa ndi chimene mlimi aliyense amene analembapo aganyu opalira akuchidziwa. Waganyu amene mukumulipira pa mzere amathamanga kuti mizere ichuluke, ndipo udzu amangoukwirira ndi dothi. Mukaima m'mphepete mwa munda mumaona poyera, koma mvula ikagwa kawiri udzu uja umadzuka wonse. Wolemba wa madola 15 sakanatha tsiku lathunthu akufunsa makaniko kapena dokotala. Ankatola zimene ena analemba kale, n'kuzisintha mawu, n'kuthamangira mutu wina. Anthu anayamba kudandaula kuti akafunsa Google imawatumiza ku masamba odzaza mawu koma opanda yankho.

Mu Januwale 2011 kampaniyi inayamba kugulitsa magawo ake pa msika wa ku New York, ndipo mtengo wake wonse unafika pafupifupi madola 1.5 biliyoni, kuposa wa kampani ya nyuzipepala ya New York Times, nyuzipepala imene inayamba kale mu 1851. Patangopita mwezi umodzi, mu Febuluwale 2011, Google inasintha kasankhidwe ka masamba oika pamwamba. Kusinthako kunatchedwa Panda, potengera dzina la mmodzi wa akatswiri ake, ndipo Google yomwe inanena kuti kunakhudza mafunso pafupifupi 12 pa 100 alionse a ku America. Tsamba la eHow linaphonyedwa pa ulendo woyamba, koma mu Epulo chaka chomwecho mpeni unalipeza. Odutsa anachepa, ndalama ya otsatsa inachepa, ndipo pofika kumapeto kwa 2011 gawo limodzi la kampaniyo linali losakwana theka la mtengo wa mu Januwale. Aganyu aja, amene ena mwa iwo ankadyetsa mabanja ndi ntchitoyo, anapeza kuti mitu yolemba yachepa kwambiri, ndipo panalibe wowalipira kanthu powasiya popeza sanalembedwe ntchito n'komwe. Mu 2016 kampaniyo inasintha dzina kukhala Leaf Group, ndipo mu 2021 inagulidwa ndi Graham Holdings pa madola pafupifupi 323 miliyoni.

Ineyo sindiilirira Demand Media. Inkagulitsa gaga m'thumba la ufa woyera, ndipo Google inachita bwino kuitsitsa. Chimene chiyenera kutiopsa ndi chakuti mpeni womwewo sufunsa ngati ndiwe wachinyengo kapena wokhulupirika. Mu Seputembala 2023 Google inasinthanso kasankhidwe kake, ndipo masamba ang'onoang'ono ambiri anagwa, ngakhale ena amene eni ake ankagwiradi ntchito ndi manja awo. Eni tsamba la HouseFresh, amene amagula makina oyeretsa mpweya wa m'nyumba n'kumawayesa okha asanalembe, ananena kuti m'miyezi yotsatira anataya odutsa opitirira 90 pa 100 alionse amene ankachokera ku Google. Ku Facebook nkhani ndi yomweyo. Mu Januwale 2018 kampaniyo inaganiza zoonetsa anthu za abale ndi anzawo koposa za masamba a malonda, ndipo pofika kumapeto kwa Febuluwale kampani ya LittleThings, imene inkadalira Facebook pafupifupi pa zonse, inatseka zitseko.

Ndiye kuyambira mu Meyi 2024 Google inayamba kuika yankho lolembedwa ndi makina ake pamwamba penipeni, munthu asanafike ku masamba a eni. Bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2025 kuti ku America, yankho lotere likaoneka, anthu amatsegula tsamba la mwini maulendo 8 okha pa 100, pamene likapanda kuoneka amatsegula maulendo 15. Kunena mwachimvekere, wolozera njira uja wayala yekha malonda pa mphambano, ndipo odutsa ambiri safikanso ku kantina.

Alimi a fodya safunika kuwauza zambiri pa nkhaniyi. Amadziwa tanthauzo la kukhala ndi wogula mmodzi. Mbewu ndi feteleza mumalandira, msika ulipo wotsimikizika, koma tsiku logulitsa amene amatchula giredi si inu. N'chifukwa chake mlimi wanzeru, ngakhale fodya atamukomera chotani, sasiya kudzala chimanga ndi nyemba.

Tsopano tibwere kwathu kuno, tifunse funso limene makanema aja safunsa. Kodi ndani amene amalemba pa Google pofuna kugula mbatatesi ya ku Tsangano? Wamalonda wa pa msika wa Kwachena ku Tete, wa ku Beira, wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, salemba funso. Amaimba foni kwa munthu amene anamugulitsapo katundu wabwino chaka chatha, kapena amafunsa woyendetsa lole. Malonda athu amayenda pa dzina la munthu ndi pa nambala ya foni. Chotero mwana amene akufuna kudyera pa odutsa a Google sangalembe za kabichi wa ku Dómuè m'chinenero chathu, pakuti ofunsa ndi ochepa ndipo otsatsa malonda amalipira molingana ndi thumba la wowerenga. Wowerenga wa ku London kapena ku Lisboa ndi wa mtengo kwa iwo, wa ku Furancungo ndi wa tindalama tochepa. Mwanayo amakakamizika kulemba m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, za zinthu zimene sanazionepo, kupikisana ndi dziko lonse lapansi pamodzi ndi makina amene tsopano amalemba nkhani m'kamphindi. Ndipo Google situmiza ndalama ya zotsatsa isanakwane madola 100, imene pa mtengo wa mu 2024 inali mametikali opitirira 6,000. Pamene akudikira kuti ikwane, mamega akugulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo akuchokera m'thumba lanu.

Pali malo amodzi pamene Google ingathandize munthu wa kuno, ndipo ndinene kuti ndisaoneke ngati wongotsutsa. Amene ali ndi nyumba yogona alendo ku Ulónguè, kapena ofisina yokonza matayala ndi injini panjira ya ku Calómuè kapena ya ku Zóbuè, kapena sitolo ya mbewu ndi mankhwala a m'munda, angathe kuika dzina, malo ndi nambala yake pa mapu a Google. Oyendetsa malole ndi alendo amene sadziwa dera lathu amayang'anadi pamenepo. Kulembetsako n'kwaulere, ndipo ndi ntchito ya madzulo amodzi. Wina akabwera nati muzimulipira mwezi ndi mwezi kuti "akukwezeni pamwamba", mufunseni kuti akuonetseni ogula angati amene wabweretsera anthu ena, ndipo mukawafunse anthuwo.

Chuma chenicheni cha malonda a pa foni ndi mayina ndi manambala a anthu amene anagulapo kwa inu n'kukhutira. Amenewo alembedwe m'kope, ndi inki, kope lisungidwe pamene timasunga ziphaso. Ena adzaseka kuti zimenezi n'zachikale. Aseke. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6. Ndipo tonse tikukumbukira kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, zisankho zitapita, pamene intaneti ya pa foni inkadulidwa ndipo Facebook ndi WhatsApp zinkavuta kutsegula m'dziko muno. Amene ogula ake onse anali m'gulu la WhatsApp anangoti kakasi, tomato akuwolera m'dengu. Nambala yolembedwa m'kope ingaimbidwe pa kafoni kamabatani, ndipo M-Pesa, imene inafika m'dziko muno mu 2013, imayenda podina *150# popanda mega ngakhale imodzi. Kuyambira pamene Movitel inayamba ntchito mu 2012 netiweki inafika m'midzi yambiri imene kale munthu ankakwera chulu kuti aimbe foni, ndipo ndi mwayi umenewu, wa mawu ndi uthenga wamba, umene watipindulira kwambiri kufikira lero.

Nanga za kulemba aganyu? Nzeru imeneyi inatchuka kwambiri mu 2007 pamene Timothy Ferriss wa ku America anatulutsa buku lotchedwa The 4-Hour Workweek, limene linkalimbikitsa anthu kupereka ntchito zawo zing'onozing'ono kwa othandiza a ku India ndi maiko ena, iwo n'kutsala ndi maola ochepa a ntchito pa mlungu. Makanema amene ana athu akuonera lero ndi zidzukulu za buku limenelo. Koma chinsinsi chake chagona pa kusiyana kwa ndalama. Munthu amalandira madola, n'kumalipira wantchito wa ku dziko limene dola imodzi imagula zambiri. Nanga ife amene timalandira mametikali ndi makwacha, tidzapeza kuti munthu amene ndalama yake ndi yofooka koposa yathu? Pa chingwe chimenechi ife tili kumapeto kwake. Tsamba la Fiverr linayamba mu 2010 ndi ntchito za madola 5 iliyonse. Mu Januwale 2023 magazini ya Time inaulula kuti achinyamata a ku Nairobi, olembedwa ndi kampani ya Sama, ankawerenga ndi kusankha zolemba zonyansa pothandiza kuphunzitsa makina a kampani ya OpenAI, ndipo ankalandira ndalama yosakwana madola 2 pa ola. Mwana wa kuno akalowa m'dziko limeneli, kawirikawiri amalowa ngati waganyu, monga mmene agogo ake ankalowera m'mafamu a ku Rhodesia.

Ganyu si chinthu chochititsa manyazi. Watipulumutsa tonse m'miyezi ya njala. Koma tikudziwanso mtengo wake: amene akupalira munda wa mnzake mu Januwale, wake ukumera udzu, ndipo chaka chamawa adzapitanso kuganyu. Mwana akapeza ntchito ya pa intaneti yolipidwa, monga kumasulira, kujambula kapena kulemba, aigwire, koma adziwe kuti ndi ganyu, asaitche bizinesi, ndipo asagulitse mbuzi za mayi ake poiyembekezera.

Kwa amene malonda ake ayamba kuyenda ndipo manja awiri sakukwananso, kulemba wothandiza n'koyenera ndithu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Funso ndi lakuti ntchito iti. Kunyamula katundu kukafika pamsewu, kusoka matumba, kujambula zithunzi zooneka bwino, kukonza foni ikawonongeka, zonsezi mungapereke kwa ena. Koma kulankhula ndi wogula ndi kutchula mtengo zikhale zanu, pakuti amene amalankhula ndi wogula ndiye mwini malonda, ngakhale mbatatesi italimidwa ndi wina. Ndipo pali chinthu chimene chikusokoneza mabanja ambiri mwakachetechete. Popeza bambo sadziwa kutsegula tsamba la Facebook, amapempha mphwake wa ku Tete kapena msuweni wa ku Lilongwe kuti awatsegulire. Iye amatsegula ndi nambala yake, ndi mawu achinsinsi odziwa yekha. Zaka ziwiri zimapita, tsamba lakula, ogula alizolowera. Tsiku limene adzakangane pa za ndalama kapena za maliro, tsamba limapita ndi mphwake uja pamodzi ndi ogula onse, ndipo palibe mfumu kapena bwalo limene lingalibweze mosavuta. Khadi la foni ya malonda lilembetsedwe m'dzina la mwini malonda, ndi chiphaso chake. Nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola asaidziwe wothandiza, ngakhale akhale mwana wa mlongo wanu. Wothandiza angaphunzitse, angakhale pambali n'kumalozera podina, koma chala chodina chikhale chanu.

Ndinenenso kuti musapereke kwa wina ntchito imene inu simunaigwirepo ngakhale kamodzi. Amene sanapalirepo sadziwa kusiyanitsa munda wopaliridwa ndi wokwiriridwa. Munthu akakuuzani kuti wakulipirirani zotsatsa pa Facebook ndipo anthu 5,000 aona, mudzakondwa ngati simudziwa kuti kuona si kugula. Mwina mwa anthuwo palibe ngakhale mmodzi wokhala kumene lole yanu imafika. Yambani mwayesa nokha ndi ndalama yochepa, muone mmene zimayendera, kenaka mudzadziwa chofunsa.

Ndipo wothandiza alipidwe kuchokera m'phindu, osati mu mpamba. Tiyerekeze chabe, manambala enieni muike anu. Ngati thumba limodzi limakusiyirani mametikali 100 mutachotsa mtengo wogulira, thumba lenilenilo ndi mayendedwe, ndipo mnyamata wokuthandizani pa foni akufuna 3,000 pa mwezi, ndiye kuti ayenera kubweretsa matumba 30 oonjezera pa amene munkagulitsa kale kuti mungobweza malipiro ake. Thumba la 31 ndilo loyamba kukupindulirani. Ngati sangafikitse pamenepo, mwamulemba kuti akuthandizeni kusauka. Koma ngati akufikitsa, mulipireni mokwanira ndiponso pa tsiku limene munapangana. Tisachite kwa ana a anzathu zimene tikudandaula kuti makampani akunja akuchita kwa ana a ku Nairobi. Wolipidwa mochepa amakwirira udzu, tanena kale, ndipo wochenjera mwa iwo amakopera manambala a ogula anu n'kukayamba zake.

Za maola ochepa a ntchito sindichulutsa mawu, pakuti sindinaonepo malonda a kuno amene anakula mwini wake ali chigonere. Koma muli kachoonadi m'lonjezo limeneli. Kutanganidwa ndi kupindula ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana angathe kukhala pa foni kuyambira m'mawa mpaka batire litatha, n'kumaoneka wotanganidwa kwambiri, koma osagulitsa ngakhale chidebe chimodzi. Lero akutsatsa mbatatesi, mawa kaunjika, mkucha wayamba kujambula makanema a nthabwala, ndipo pakati pa zonsezi akubetcha mpira pa foni yomweyo imene munamugulira, chimene chadya mipamba ya achinyamata ambiri. Mapanga awiri avumbwitsa. Asankhe chinthu chimodzi, achigwire nyengo yathunthu. Ayankhe ogula m'mawa asanapite kumunda ndi madzulo akaweruka, ndipo nthawi yotsalayo akhale kumene kuli katundu, akusankha mbatatesi yaikulu payokha, yaing'ono payokha, yodulidwa ndi khasu payokha. Chithunzi chimene akutumiza chikhale cha thumba limene lidzakwere lole, osati la mnansi. Wogula wa kutali amene watsegula thumba n'kupeza pansi pali zofanana ndi pamwamba amaimbanso, ndipo amapatsa anzake nambala. Kumeneko ndiko kukwera pamwamba kumene kumagwira ntchito kuno.

M'kope lomwe lija mulembedwenso zotuluka zonse, ngakhale zazing'ono zimene timaziiwala: mamega, kiredito yoimbira, yotchajitsira batire, ya njinga yamoto yopita pamene pali netiweki, ndi imene wothandizira wa M-Pesa amadula potapa ndalama. Amene amagula ndi makwacha n'kugulitsa ndi mametikali alembenso mtengo wosinthira wa tsiku limenelo, pakuti phindu lambiri la m'malire muno limathera m'manja mwa osintha ndalama mwini wake osazindikira. Ndipo uthenga wonena kuti ndalama yalowa usakhulupiriridwe msanga. Akuba amatumiza mauthenga ofanana ndi enieni. Muyambe mwafunsa ndalama yotsala mu akaunti yanu, katundu asanachoke pakhomo.

Aphunzitsi abwino a zonsezi tili nawo kale, ndipo sali pa YouTube. Ndi amayi amene akhala pa msika wa Lizulu kapena wa Biriwiri zaka makumi awiri. Iwo amadziwa wogula amene amalipira ndi amene amazemba, amadziwa mwezi umene kabichi amagwa mtengo, amadziwa woyendetsa lole amene safika ndi matumba operewera. Chimene alibe ndi luso la foni. Mwana ali ndi luso la foni, koma alibe katundu, alibe dzina, ndipo palibe amene angamutumizire ndalama asanaone thumba. Awiriwa akaphatikizana, mayi ndi mwana wake wamkazi kapena malume ndi mphwake, foni imatalikitsa mkono wa malonda amene alipo kale, kuti afike ku Moatize ndi ku Tete kumene phazi silinkafika. WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, ndi yaulere, imalola kuika zithunzi za katundu ndi mitengo yake, ndipo imayenda pa foni wamba ya mtengo wapakati. Kompyuta siifunika pa ntchito imeneyi.

Tsono mwana akadzakhalanso pakhonde ndi pempho lake, musamukalipire ndipo musathamangire kumasula mpango. Mufunseni kuti adzagulitsa chiyani, ndipo chinthucho chili kuti lero. Mufunseni mayina a anthu atatu amene angagule mwezi uno, ndi kumene akukhala. Mufunseni kuti Facebook itatsekedwa mawa, anthu atatuwo adzawapeza bwanji. Akayankha zogwira mtima, mugulireni foni yokwanira ntchitoyo, khadi lilembetsedwe pamaso panu, ndipo ndalamayo ikhale ngongole yobweza pokolola, mboni akhale malume ake. Mupangane kuti pakutha pa mwezi uliwonse adzabweretsa kope lija, muwerengere limodzi zolowa ndi zotuluka, mayi ake ali pomwepo. Akayankha kuti Google idzabweretsa anthu, muuzeni ayambe wagulitsa matumba asanu a pakhomo pano ndi foni imene ali nayo kale, za foni yaikulu mudzakambirane matumbawo atalipiridwa.